Mmene mungasewerere Pokémon Uranium osaisiyira panjira: pomwe ili bho ndi pomwe imatopetsa

Pokémon Uranium si gemu ya Nintendo ayi, komanso si ya Game Freak omwe amapanga magemu enieni a Pokémon kuyambira 1996 muja. Iyi inapangidwa ndi anthu wamba okonda Pokémon basi, makamaka awiri omwe pa intaneti amadziwika kuti JV ndi Involuntary Twitch, ndi anzawo ena omwe ankathandiza kujambula ndi kukonza nyimbo. Anaigwira kwa zaka 9 popanda wowalipira, nkuitulutsa pa 6 Ogasiti 2016, ndipo pomwe sabata imatha anthu anali ataidawuniloda kopitilira 1.5 miliyoni. Kenako kunayamba kubwera makalata a maloya oimira Nintendo of America oti ichotsedwe, eni akewo anachotsa malinki onse, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho analengeza kuti asiya kuikonza. Omwe anapitiriza kutulutsa mapachi okonza zolakwika ndi anthu ena oisewera omwe sanafune kuti ife.

Ndayamba ndi mbiriyi chifukwa ikufotokoza chilichonse chomwe mukumane nacho mkatimo. Gemuyi inalibe bwana pamwamba wonena kuti ichi musapange, ndiye anayesa zinthu zomwe kampani singayerekeze, ndipo mpomwe pali kukoma kwake. Koma bwana yemweyo ndi amenenso akanati apa pakulaga konzani, Pokémon uyu wanyanya mphamvu mchepetseni, mawu awa alembeninso. Ndiye zabwino zake ndi zofooka zake zikuchokera pamalo amodzi, ndipo mukalowa mukudziwa zimenezi simudzakwiya nayo pa zinthu zoti mukanatha kuzipewa.

Dziwani kaye chomwe mukutenga

Anthu ambiri amasokoneza zinthu ziwiri. Pali magemu omwe munthu amatenga gemu yakale ya Game Boy nkuisintha mkati, ngati Pokémon Prism, amenewo amafuna emyuleta (pulogalamu yotsegulira magemu a Game Boy pa kompyuta kapena pa foni) ndi fayilo ya gemu yoyambayo kuti muikepo pachi. Uranium si yotero. Iyi ndi pulogalamu yapayokha ya Windows, yomangidwa ndi RPG Maker XP, pulogalamu yopangira magemu yomwe inatuluka ku Japan mu 2004, kuphatikiza ndi zida zotchedwa Pokémon Essentials zomwe zimabweretsa malamulo a nkhondo za Pokémon, kugwira, kukwera levulo ndi zina zotero. Choncho wina akakupatsani fayilo yoti muike mu emyuleta ya GBA (Game Boy Advance) nkumati ndi Uranium, dziwani kuti si iyo. Chimodzimodzi APK (fayilo yoikira apu pa foni) yolembedwa kuti Pokémon Uranium ya Android, eni ake sanatulutsepo yotero, ndipo mafayilo oterewa ndi omwe amadzadza foni ndi zotsatsa malonda kapena zoipa kuposa pamenepo.

Ine sindikupatsani linki pano, eni ake anaichotsa pa zifukwa zomwe ndanena zija ndipo dzina la Pokémon lili ndi mwini wake. Koma ngati gemuyi yakufikani kale, kaya pa fulashi ya mnzanu kaya bwanji, pali zinthu zoti muonetsetse musanadine chilichonse. Choyamba gemuyi ndi yaulere, sinagulitsidwepo, ndiye aliyense wokuuzani kuti lipirani kaye kapena lembani nambala ya khadi ndi wakuba basi. Chachiwiri sikanani foda yonse ndi antivayirasi, osati fayilo imodzi yokha. Ndipo mukaona kuti poika ikukupemphani kuti muikenso mapulogalamu ena osakhudzana ndi gemu, tsekani pomwepo. Vuto la magemu ochotsedwa ndi lomweli, malo enieni akatsekedwa pamadzuka masamba ambirimbiri onamizira, ndipo munthu wongoyamba kumene sangasiyanitse.

Onaninso kuti ndi vezhoni iti. Yomwe inatuluka tsiku loyamba ija inali ndi zolakwika zambiri zomwe zinakonzedwa pambuyo pake, ndiye ngati yanu ndi 1.0 yeniyeniyo yopanda pachi iliyonse mukhala mukuvutika ndi mavuto omwe anzanu anawaiwala kalekale.

Kuika, kulaga, ndi nkhani ya sevu

Ngati yabwera mu zip, itulutseni yonse muike mu foda yakeyake, osaitsegula ili mu zip momwemo chifukwa imalephera kupeza zithunzi ndi nyimbo zake. Mukatsegula nkuona kuti zilembo zikuoneka zachilendo, mawu akudukira m'mphepete mwa bokosi kapena manambala akukwerana, nthawi zambiri ndi mafonti omwe sanalowe. Magemu a Essentials amakhala ndi foda yolembedwa Fonts, lowani mmenemo muike mafonti onse mu Windows, kenako tsekani gemu nkuitsegulanso.

Tsopano kulaga. Apa ndi pomwe anthu ambiri amakhumudwa ndipo ndikumvetsa, chifukwa munthu umaona gemu ya tizithunzi tating'ono ngati ya Nintendo DS nkumaganiza kuti iyenda bwino pa laputopu iliyonse, kenako ukulowa mu tauni yaikulu mwana yemwe ukumuyendetsa mu gemumo akuyenda ngati akukoka miyendo. Vuto si kompyuta yanu kwenikweni. RPG Maker XP inapangidwira magemu ang'onoang'ono osavuta, ndipo chilichonse cha Pokémon chinachita kumangidwa pamwamba pake ndi makodi a Ruby, ndiye mapu akakula, anthu oyendayenda akachuluka, mvula kapena chipale chikamagwa pa sikirini, injiniyo imalemedwa ngakhale kompyuta ikhale yodula bwanji. Zomwe zimathandizako ndi izi: lowani mu Options muchepetse kukula kwa sikirini, osaumiriza kuti idzadze monita yonse, tsekani Chrome ndi zina zonse zomwe zikudya memore kumbuyo, ndipo ngati muli pa laputopu ilumikizeni ku chaja chifukwa ikakhala pa batire yokha Windows imachepetsa liwiro la purosesa. Kudina F1 kumatsegula kabokosi ka RPG Maker komwe mungasinthe mabatani a kiyibodi ndi zina zochepa. Sizithetsa kulaga konse, m'malo ena mungopirira, koma zimachepetsa ndithu.

Batani loti mulisamale ndi F12. Mu RPG Maker XP limabwezera gemu ku sikirini yoyamba osafunsa, ndiye mukalikhudza mwangozi zonse zomwe simunaseve zapita.

Za sevu ndikufuna muzitenge mwamphamvu kuposa china chilichonse munkhani ino. Sevani pafupipafupi, musanalowe mu jimu (komwe mumamenyana ndi mtsogoleri kuti muwine baji), musanalowe m'phanga, musanalankhule ndi munthu yemwe akuoneka kuti ayambitsa nkhani yaitali, chifukwa gemu ya anthu wamba imatha kungotseka yokha nkukusiyirani kabokosi ka mawu a erra. Koma kuseva kokha sikokwanira. Fayilo ya sevu imathera ndi .rxdata ndipo pa Windows mumaipeza mu foda ya Saved Games pansi pa dzina lanu la pa kompyutapo. Muziikopera pena, pa fulashi kapena pa foni, mukangowina baji iliyonse. Chifukwa chake nchakuti magetsi akathima gemu ili mkati moseva, makamaka inu a desikitopu yopanda batire, fayilo ija imatha kuonongeka osatsegukanso, ndipo palibe ofesi yomwe mungakadandaule, palibe kampani yomwe inasunga kopi yanu. Maola onse aja amangopita choncho. Kukopera kumatenga masekondi ochepa chabe.

A foni za Android, pali apu yotchedwa JoiPlay yomwe imatsegula magemu a RPG Maker, ena amaseweradi mmenemo, koma kulaga kumaonjezekera ndipo zina sizigwira bwino, ndiye ngati kompyuta ilipo yambani ndi kompyutayo.

Poyambira: musathamange

Gemu imayambira ku Moki Town m'chigawo chotchedwa Tandor. Inu ndinu mwana yemwe akukhala ndi azakhali ake okalamba, chifukwa mayi anu a Lucille anasowa pa ngozi ya pamalo opangira magetsi a nyukiliya zaka 10 zapitazo, ndipo bambo anu a Kellyn anadziponya mu ntchito ya u Ranger nkukusiyani. Pongoyamba pomwepo mukuona kale kuti iyi si nkhani yomwe Game Freak ingalembe.

Pokémon woyamba simuchita kuloza ngati mmene zimakhalira m'magemu ena. Professor Bamb'o amakufunsani mafunso okhudza mmene mumaganizira pa nkhondo, ndipo mayankho anu ndi omwe amasankha. Mukamayankha mwaukali mumapatsidwa Raptorch wa Fire ndi Ground, mukamayankha modziteteza mumapatsidwa Orchynx wa Grass ndi Steel, zapakatikati zimakupatsani Eletux wa Water ndi Electric. Ndiye sevani musanayambe mafunsowo, mukapatsidwa yemwe simukumufuna mubwerere. Onse atatu ali ndi mitundu iwiri kuyambira pachiyambi ndipo amasintha kamodzi kokha, Orchynx kukhala Metalynx, Raptorch kukhala Archilles, Eletux kukhala Electruxo.

Mitundu iwiriyo ili ndi msampha wake. Raptorch amamenya mwamphamvu koma Water imamupweteka kanayi, ndipo Tandor ili ndi nyanja yambiri, ndiye mufunika kumupezera mnzake wa Grass kapena Electric msanga. Orchynx naye Fire imamuotcha kanayi, koma kwa munthu woyamba kumene ine ndimalimbikitsa iyeyu, amapirira nkhonya zambiri ndipo Steel yakeyo idzakuthandizani kwambiri nkhani ya Nuclear ikadzayamba. Eletux alibe pomwe amapwetekedwa kanayi, amangoopa Grass ndi Ground, ndi wabwino kwa yemwe safuna zodzidzimutsidwa. Mnzanu wopikisana naye, Theo, ndi kamwana kakang'ono kwa inu kosachedwa kulira kakagonja, ndipo amatenga Pokémon yemwe wanu amamuposa, choncho nkhondo zoyamba ndi iye sizovuta.

Chomwe chimasangalatsa kwambiri maola oyambawa ndi chakuti simukudziwa chilichonse. Gemuyi ili ndi ma Pokémon atsopano opitilira 150 omwe sapezeka kwina kulikonse, ndiye nzeru zonse zomwe munasonkhanitsa m'magemu akale zoti uyu ndi wa mtundu wakuti, amasintha pa levulo yakuti, pano sizigwira. Mukumana ndi Chyinmunk, Birbie, Owten kamphaka kokhala ngati kadzidzi, ndipo muyenera kuganiza nokha poona maonekedwe ake. Langizo langa ndi lakuti musathamangire kukawerenga zonse pa intaneti. Gwirani aliyense watsopano, tsegulani tsamba lake muone mtundu wake ndi luso lake, muyeseni nkhondo ziwiri zitatu. Kusadziwa kumeneku ndi chinthu chomwe munthu woti wasewera Pokémon kuyambira ali mwana sachipezanso kawirikawiri, ndiye musachitaye dala.

Nuclear: apa mpomwe pagona gemu yonse

Chatsopano chachikulu mu Uranium ndi mtundu wa Nuclear, ndipo mukaumvetsa bwino theka la mavuto anu latha. Lamulo lake ndi lalifupi. Nkhonya ya Nuclear imapweteka kawiri mtundu uliwonse kupatula Steel ndi Nuclear yomwe, iwiri imeneyi ndi yomwe imaichepetsa. Mbali inayi, Pokémon wa Nuclear amapwetekedwa kawiri ndi mtundu uliwonse kupatula Nuclear inzake. Ndiye amamenya koopsa komanso amagwa msanga, zili ngati anthu awiri akumenyana atanyamula mbiya pamutu, woyamba kukhudza mnzake ndi amene wawina.

Tsopano werengerani bwino apa. Ngati Pokémon wanu ali ndi mitundu iwiri ndipo palibe Steel, nkhonya ya Nuclear imamupweteka kawiri pa mtundu woyamba, kawirinso pa wachiwiri, kuchulukitsa ndi kanayi. Ndiye Archilles kapena Electruxo wanu yemwe mumamudalira uja atha kugwa ndi nkhonya imodzi yochokera kwa kanthu kam'tchire komwe levulo yake ndi yotsika kwa iye. Pomwe Metalynx, Grass imachulukitsa kawiri koma Steel imadula pakati, ndiye imamufika ngati nkhonya wamba basi. Pokémon wa mtundu umodzi amalandira kawiri kokha. Choncho mukamalowa kumalo komwe kwaonongeka ndi nyukiliya, sinthani timu: patsogolo ikani wothamanga kwambiri yemwe amenye kaye, kumbuyo sungani wa Steel woti alowe zikavuta, ndipo ngati muli ndi nkhonya zomwe zimatsogola nthawi zonse ngati Quick Attack kapena Aqua Jet apa ndi pomwe zimagwira ntchito kuposa kulikonse. Zochedwa ndi kukweza mphamvu kaye kapena kuponya poizoni kuti mdani azitha pang'onopang'ono zisiyeni, nthawi yake palibe.

Kumbukiraninso kuti ma Pokémon ambiri a Nuclear omwe mukumane nawo ndi ma Pokémon wamba omwe aipitsidwa ndi mphamvu ya nyukiliya, amaoneka akuda ndi obiriwira mowala, ndipo amasunga umodzi mwa mitundu yawo yakale. Ndiye musangoti chilichonse chimupweteka, ganizirani mtundu winawo. Ngati mtundu wakewo umachepetsa nkhonya yanu ndiye kuti ziwirizo zathetsana, mwangomenya wamba, iye nkubwezera kanayi. Komanso oipitsidwawa mukawagwira samvera bwino, amatha kukana lamulo lanu pakati pa nkhondo ngakhale muli ndi mabaji, ndiye musamangire timu pa iwo. Omwe amamvera ndi omwe ndi a Nuclear mwachibadwa.

Mmodzi mwa amenewa ndi Nucleon, yemwe amachokera kwa Eevee akakwera levulo muli ndi wa Nuclear wina mu timu. Apa ndi pomwe kufooka kwa gemu yopanda woiyesa mokwanira kumaonekera poyera. Nucleon ali ndi luso lotchedwa Atomizate lomwe limasandutsa nkhonya za Normal kukhala za Nuclear, ndiye mukamuphunzitsa nkhonya yamphamvu ngati Hyper Voice amangosesa pafupifupi aliyense, ma jimu, Theo, onse, bola iye ayambe kumenya. Kampani ikanaona zimenezi poyesa nkuchepetsa. Ndiye musankhe nokha: ngati mukungofuna kuona nkhani mpaka kumapeto mtengeni, akufupikitsirani ulendo. Koma ngati mumakonda kuganiza pa nkhondo, kusintha ma Pokémon, kuwina movutikira, musiyeni m'bokosi losungiramo ma Pokémon chifukwa akulandani kukoma konse kwa theka lachiwiri la gemu. Ine ndimaona kuti kumusiya ndiye bwino, makamaka ulendo woyamba.

Ngakhale zili choncho ndimaulemekeza mtundu wa Nuclear. Si chinthu chongomata pamwamba kuti gemu ioneke yatsopano, umagwirizana ndi nkhani. Mukamayenda kumalo kwa ngozi mumakhaladi ndi mantha chifukwa mukudziwa kuti chilichonse chotuluka mu udzu chitha kukugwetserani Pokémon wanu wabwino, ndipo mantha amenewo ndi omwe anthu a m'nkhaniyo akukamba. Magemu ambiri a makampani akuluakulu amalephera kulumikiza nkhani ndi kaseweredwe mwanjira imeneyi.

Nkhani, zojambula ndi ma jimu

Nkhani yake ili ndi mtima. Mwana wosiyidwa, bambo wothawa chisoni pobisala mu ntchito, anthu akusamutsidwa m'mudzi mwawo chifukwa cha ngozi, ndi munthu wobisa nkhope wotchedwa CURIE yemwe akuyenda ndi Pokémon woopsa Urayne. Sindiulula kuti zimatha bwanji. Koma kalembedwe kake nkosafanana, pena mawu amakugwira mtima, pena munthu wamkulu akulankhula ngati mwana wa sekondale pa intaneti, pena nthabwala ikubwera pomwe anthu angothawa kumene ngozi. Zikuoneka kuti mbali zina zinalembedwa olembawo ali ana, zina atakula, paja zaka 9 si zochepa. Ambiri amathanso kulota chinsinsi chachikulu cha nkhaniyi isanafike pakati. Musalole zimenezi zikuchotseni chidwi, werengani mawu a anthu a m'matauni ndithu chifukwa ena amakupatsani zinthu zofunika komanso amakuuzani kolowera, ndipo gemuyi nthawi zina siikulozerani bwino komwe mukuyenera kupita.

Zojambula nazo ndi chimodzimodzi. Ena mwa ma Pokémon ake mutawaika pakati pa enieni simungawazindikire kuti ndi a anthu wamba, ena amaonekeratu kuti wojambula wake anali wina ndipo dzanja linali lisanakhwime. Koma pali chinthu chomwe chimandisangalatsa: anthuwa anaona ma Pokémon omwe kampani inawaiwala nkuwapatsa tsogolo, kutanthauza Pokémon watsopano woti asinthe kukhala iye. Dunsparce anamupatsa Dunseraph, Primeape anamupatsa Empirilla, Corsola anamupatsa Corsoreef. Patapita zaka Game Freak nayo inadzachita zofananako mwanjira yake, Cursola wa Corsola mu 2019, kenako Dudunsparce wa Dunsparce ndi Annihilape wa Primeape mu 2022. Sindikunena kuti anakopera ayi, ndikungoti okonda gemu amadziwa pomwe pali dzenje chifukwa ndi omwe amaisewera usiku ndi usana.

Ma jimu alipo 8, kuyambira kwa Maria ku Nowtoch City, kenako Davern ku Burole Town, Cali ku Bealbeach City, mpaka kukafika ku Tsukinami Village komwe atsogoleri ake ndi awiri, Hinata ndi Kaito. Chenjezo apa ndi lakuti ambiri mwa ma jimuwa samangika pa mtundu umodzi ngati mmene tinazolowerera, amatsata mutu, wina za m'phanga, wina za kunyanja, ndiye njira yakale ija yongotenga Pokémon mmodzi woposa mtundu wa jimu nkusesa onse pano imakugwiritsani fuwa lamoto. Menyanani kaye ndi ophunzira onse a mu jimumo, muone zomwe akutulutsa, tulukani mukachize timu, mugule mankhwala, museve, ndiye mukakumane ndi mtsogoleri. Kumapeto kulibenso Elite Four, akatswiri anayi omwe mumamaliza nawo m'magemu enieni, kuli mpikisano wochotsana ngati kapu, zomwe ndimaona kuti nzomveka kuposa kumenya anthu anayi oima m'zipinda.

Pomwe pamatopetsa ndi pakati. Malevulo a adani nthawi zina amadumpha, mwatuluka mu jimu muli bwinobwino kenako njira yotsatira aliyense akukuposani, ndiye mumakakamizika kuzungulira mu udzu kukweza timu. Njira zapanyanja ndi zazitali ndipo ma Pokémon am'tchire amatuluka pafupipafupi, pamwamba pa kulaga kuja. Gulani ma Repel ambiri, mankhwala othamangitsa ma Pokémon am'tchire, musanayambe ulendo wa pamadzi kapena wa m'phanga, ndalama imeneyo simudzadandaula nayo. Musalere ma Pokémon khumi nthawi imodzi, sankhani asanu kapena asanu ndi mmodzi pofika jimu yachitatu nkukhala nawo, apo ayi onse akhala otsalira. Ndipo poti gemuyi ikutsata kachitidwe kakale kofuna nkhonya zapadera zotchedwa HM kuti mudutse malo ena, onetsetsani kuti wa Surf, yowolokera pamadzi, ali mu timu musanachoke mu tauni, kubwerera ulendo wonse chifukwa cha chimenechi kumawawa.

Muli njira ya Nuzlocke yoikidwiratu mkati, ija yoti Pokémon akagwa ndiye wapita ndithu ndipo mumagwira mmodzi yekha pa dera lililonse. Nzabwino kuti anaiika, magemu enieni alibe, koma musaiyatse ulendo woyamba. Ndi nkhonya za kanayi za Nuclear zija timu yonse itha kutha pa njira imodzi musanadziwe nkomwe chomwe chakumenyani.

Mukamaliza mpikisano musayembekezere zambiri

Apa ndi pomwe kuchotsedwa kwa gemuyi kunapweteka. Nkhani yaikulu ndi yathunthu, ili ndi poyambira ndi pothera, koma zapambuyo pake nzochepa, ndipo mu Pokédex, kaundula wa ma Pokémon onse, muli mayina ena omwe munthu sungawagwire chifukwa mbali zomwe amayenera kupezekamo sizinamalizidwe. Ndiye musataye masabata mukusaka Pokémon yemwe kulibe, mukaona kuti mmodzi sakupezeka paliponse fufuzani kaye ngati anaikidwamo nkomwe. Za pa intaneti, gemuyi inatuluka ndi GTS ndi Wonder Trade zosinthanirana ma Pokémon ndi anthu ena, chinthu chodabwitsa kwa gemu ya anthu wamba, koma zimenezi zimadalira seva yomwe akuyendetsa ndi anthu ongodzipereka, ndiye musamange mapulani anu pa izo, zikagwira ndi mwayi.

Izi sizinachitikire Uranium yokha. AM2R, gemu ya okonda Metroid yomwe inatuluka tsiku lomwelo la 6 Ogasiti 2016, nayo inachotsedwa patangopita masiku ochepa, ndipo magemu awiriwa, Uranium ndi AM2R, anasankhidwa kupikisana pa The Game Awards chaka chimenecho mu gawo la zopangidwa ndi okonda magemu kenako maina awo anachotsedwa mwambowo usanachitike. Pokémon Prism inaletsedwa mu Disembala 2016 kutangotsala masiku ochepa kuti ituluke. Pokémon Essentials nayonso inachotsedwa pa malo ake mu 2018. Kale mu 2009 kampani ya Square Enix inaimitsa Chrono Trigger: Crimson Echoes itatsala pang'ono kumalizidwa. Ndiye gemu ina iliyonse ya mtunduwu yomwe mungaikonde, sungani kopi yanu ndi sevu yanu pamalo awiri, chifukwa mawa litha kucha tsamba lake kulibe.

Kwa inu omwe mukusewera uku mukuganiza zopanga yanu, ndipo ndikudziwa alipo, sewerani Uranium ndi kope pambali. Lembani pomwe mwasochera nkufunsa kuti chinasowa nchiyani kuti mudziwe njira, lembani mapu omwe akulaga nkuona kukula kwake ndi kuchuluka kwa zinthu zoyenda mmenemo, lembani nkhondo yomwe yakukomerani ndi chifukwa chake. Anthu adutsira njira imeneyi nkufika patali, Toby Fox anayamba ndi kusintha EarthBound asanatulutse Undertale mu 2015, ndipo pambuyo pake anadzapanga nyimbo m'magemu enieni a Pokémon, Milton Guasti wa AM2R uja analembedwa ntchito ndi Moon Studios nkugwira nawo Ori and the Will of the Wisps. Koma onani kuti Undertale ndi dziko lakelake, anthu akeake, nchifukwa chake anatha kuigulitsa popanda womuletsa. RPG Maker imagulitsidwa pa Steam ndipo imatsika mtengo kawirikawiri, Godot ndi yaulere. Yambani ndi mudzi umodzi, njira imodzi ndi mdani mmodzi wamkulu, zilombo zikhale zanuzanu ndi maina anuanu, ndipo mupatse anzanu atatu anayi aisewere inu mutakhala chete pambali osawauza kolowera, muone pomwe akukakamira.